Loboti ikafanana ndi ya anzawo: kuphunzira kumathera pati, kubera kumayambira pati?

Maloboti awiri akafanana pa mpikisano wa ana a sukulu, mkangano wake umayenda mofanana nthawi zonse. Mphunzitsi wa timu ina amapita kwa oweruza kukadandaula kuti ana ake aberedwa nzeru. Mphunzitsi wa timu inayo amayankha kuti kapangidwe kameneko kali pa YouTube, aliyense akhoza kukaona. Nthawi zambiri onse awiri amakhala akunena zoona. Mu Lusaka muno, makalabu ambiri amayambira pa zida zomwezomwezo: bolodi ya Arduino Uno (kakompyuta kakang'ono kolamulira loboti), timamota tachikasu tiwiri, L298N yoyendetsa mamota, masensa oona mzere ndi mabatire. Ana a ku Matero ndi ana a ku Kabulonga akapatsidwa ntchito imodzi, zida zofanana, n'kuoneranso mavidiyo omwewo, maloboti awo sangalephere kufanana.

Maganizo athu ndi akuti kutengera nzeru kwa ena si mlandu, ndipo mpikisano umene ungaletse zimenezi ungaphe maphunziro omwe ukufuna kulimbikitsa. Mlandu umabwera pamene timu yatenga chinthu chimene mwini wake sanachitulutse poyera, pamene yabisa kumene yatenga, ndiponso pamene yabweretsa loboti imene anawo sanaipange ndipo sakuimvetsa. Chomalizachi ndicho chachikulu, koma anthu amachedwa ndi kukangana za maonekedwe a loboti n'kuchiiwala.

Chilichonse chimene chili pa loboti chili ndi mwini wake

Loboti yotsata mzere wakuda imene imayenda mosagwedezeka imagwiritsa ntchito njira ya masamu yotchedwa PID, imene imawerengetsa mmene loboti ikhotere kuti ibwerere pamzere. Njirayi anailongosola Nicolas Minorsky mu 1922 pofufuza mmene sitima zapamadzi zingamadziwongolere zokha. Mawilo a mecanum, omwe amalola loboti kuyenda chammbali osakhota, anawatulukira Bengt Ilon wa ku Sweden m'zaka za m'ma 1970. Miyendo ya mawilo asanu ndi limodzi imene ana amakonda kupanga ndi mapaipi a PVC kuti loboti ikwere miyala, imachokera ku kapangidwe ka rocker-bogie kamene NASA inaika pa Sojourner, kagalimoto kamene kanatera pa Mars mu 1997. Arduino yeniyeniyo inayambira ku Ivrea, ku Italy, mu 2005, ndipo eni ake anatulutsa dala mapulani a bolodi yawo kuti aliyense awaone ndi kupanga yake. N'chifukwa chake mabolodi otchipa ofanana ndi Uno ali ponseponse. Chimene eni ake amateteza ndi dzina ndi chizindikiro cha Arduino.

Aliyense amene anapangapo galimoto ya mawaya ali mwana amaidziwa nkhaniyi. Mmodzi akatulukira njira yoti chiwongolero chizikhotetsa mawilo akutsogolo, sabata isanathe galimoto zonse za m'derali zimakhala ndi chiwongolero chotero, ndipo palibe amene amati waberedwa. Koma mwana amene wabweretsa galimoto yopangidwa ndi achimwene ake n'kumati ndapanga ndekha, anzake amamudziwa tsiku limene waya waduka, chifukwa amalephera kuikonza.

Kufanana kwina kumabwera chifukwa cha malamulo a mpikisano. Ngati aliyense akuuzidwa kuti loboti isapitirire kukula kwakutikwakuti, inyamule kampira ndi kukaika m'bokosi lokwera masentimita 20, njira zabwino zochitira zimenezi ndi zochepa. Matimu amene sanaonanepo akhoza kufika pa yankho limodzi. Woweruza amene amagamula mlandu poona maonekedwe okha akhoza kulanga ana osalakwa.

Zimene lamulo la dziko likunena

Anthu ambiri amathamangira kunena za copyright, choncho tinene mwachidule. Lamulo la copyright limateteza mmene chinthu chalembedwera kapena chajambulidwira, monga mizere ya pulogalamu, zithunzi ndi mafayilo a mapulani. Siliteteza ganizo lenilenilo. Ganizo loti mkono wa loboti ukhale ndi labala kunsonga kuti usaterereke si la munthu mmodzi, koma pulogalamu imene wina analemba ndi yake. Ku Zambia lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994 limateteza mapulogalamu a kompyuta. Njira yatsopano yopangira chinthu imatetezedwa ndi patenti, imene munthu amachita kukalembetsa ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa makampani ndi mapatenti, motsatira lamulo la Patents Act la 2016, kapena kudzera ku ARIPO, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi pangano losainidwa mu Lusaka muno mu 1976 ndipo likulu lake lili ku Harare. Patenti imakhala zaka 20, ikatha aliyense ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito njirayo.

Pa mapulogalamu opezeka pa intaneti, chofunika kuona ndi laisensi. Ya MIT imalola kutenga ndi kusintha, bola musachotse mawu osonyeza mwini wake ndi laisensiyo. Ya GPL imafuna kuti mukagawira ena pulogalamu yosinthidwayo, muigawe pansi pa laisensi yomweyo pamodzi ndi mizere yake yonse. Malaisensi a Creative Commons okhala ndi zilembo BY amafuna kuti mutchule mwini, a NC amaletsa kugulitsa. Pulogalamu imene yaikidwa pa GitHub, malo a pa intaneti osungirako mapulogalamu, popanda laisensi iliyonse ikadali yonse ya mwini wake, ngakhale aliyense akutha kuiwerenga.

Koma milandu ya pa mpikisano wa ana sifika kukhoti. Chimene chimagwira ntchito ndi malamulo a mpikisanowo, ndipo malamulowa amasiyana kwambiri.

Mipikisano yosiyana, malamulo osiyana

Bungwe la FIRST, limene Dean Kamen analiyambitsa ku America mu 1989, limalimbikitsa kugawana. Mu mpikisano wake wa ana a sekondale wotchedwa FIRST Robotics Competition, masewera a chaka chimenecho amalengezedwa kumayambiriro kwa Januwale. Kuyambira 2013, magulu a Ri3D amapanga loboti m'masiku atatu oyamba n'kuonetsa zonse poyera kuti matimu atolepo nzeru. Timu nambala 118 ya ku Texas, yotchedwa Robonauts, imatulutsa chaka ndi chaka mapulani a loboti yosavuta komanso yotchipa yotchedwa Everybot, kuti matimu osauka aipange. Pali lamulo lina lofunika kulimvetsa bwino: mapulani ndi mapulogalamu amene timu inapanga masewera asanalengezedwe imaloledwa kuwagwiritsa ntchito pokhapokha ngati inawatulutsa poyera nthawi yolengezayo isanakwane. Timu yolemera imene yakhala chaka chonse ikukonza chida chake mobisa singabwere nacho n'kupondereza anzawo. Ikafuna kugwiritsa ntchito pulani yake, iyenera kulola kuti aliyense aione.

FIRST Global, imene inayamba mu 2017 ku Washington ndipo Zambia yakhala ikutumizako timu, imapatsa dziko lililonse bokosi la zida zofanana. Pabwalo matimu a mayiko osiyana amaikidwa pamodzi kuti athandizane, choncho timu imene mwaibisira nzeru m'mawa ikhoza kukhala mnzanu wa mbali imodzi masana.

World Robot Olympiad, imene inayamba mu 2004, ndi yokhwimitsa zinthu. Malamulo ake amati kupanga loboti ndi kulemba pulogalamu ndi ntchito ya ana okha, mlangizi azingowatsogolera. Amaletsanso kubweretsa loboti kapena pulogalamu yofanana kwambiri ndi yogulitsidwa kapena yoikidwa pa intaneti, kapena yofanana kwambiri ndi ya timu ina pa mpikisanowo pamene zikuoneka kuti si ntchito ya anawo, ngakhale matimuwo akhale a sukulu imodzi. Oweruza amatha kufunsa ana mafunso, ndipo chilango chikhoza kufika pochotsedwa mu mpikisano.

Mipikisano ya VEX ili chapakati. Malamulo ake amati loboti iyenera kuonetsa luso la ana a mu timuyo, ndipo oweruza amadalira kwambiri buku limene timu imalembamo ntchito yake. Zitsulo za VEX zili ndi mabowo otalikirana theka la inchi, omwe ndi mamilimita 12.7, motero munthu akhoza kutenga chithunzi cha loboti ya ena, kuwerenga mabowo, n'kupanga yofanana ndendende. Kuwerenga mabowo kumeneku ndi mwano pakati pa ochita VEX. Zida za LEGO Technic nazonso n'chimodzimodzi, mabowo ake amatalikirana mamilimita 8.

Kuno kwathu ana ambiri amayambira ku zionetsero za sayansi za m'masukulu zotchedwa JETS, zimene zakhalapo kuyambira 1968 ndipo zimakwera kuchokera pasukulu, kuboma, kuchigawo mpaka dziko lonse. Pa chionetsero chotere mwana amaima pafupi ndi chimene wapanga n'kuchifotokoza kwa oweruza, ndiye funso lakuti nzeruyi yachokera kuti limalemera kuposa pa mpikisano wongothamangitsa maloboti. Chimene timu ingachite mosaopa pa mpikisano wina chikhoza kuichotsetsa pa wina. Mlangizi awerenge buku la malamulo la chaka chimenecho pamodzi ndi ana asanagule ngakhale waya umodzi.

Chifukwa chake loboti yokopera imakanika pabwalo

Apa ndi pofunika kuchedwapo, chifukwa nkhani ya chilungamo ndi nkhani ya luso zimakumana pano. Chithunzi kapena vidiyo imaonetsa maonekedwe a loboti, koma zifukwa zimene mwini wake anasankhira muyeso uliwonse siziwoneka.

Tiyambe ndi loboti yotsata mzere. Pulogalamu yotengedwa pa intaneti imabwera ndi manambala a PID otchedwa Kp (mphamvu yobwezera loboti pamzere) ndi Kd (yochepetsa kugwedezeka) amene mwini wake anawapeza poyesa loboti yake. Manambalawa amadalira kukula kwa mawilo, mtunda wa pakati pa mawilo awiriwo, kutalika kwa masensa kuchokera pa mawilo, kulemera kwa loboti ndi mphamvu imene ikufika ku mamota. Chimodzi chikasintha, loboti imayamba kugwedezeka uku ndi uku pamzere wowongoka, kapena imapitirira pa kona. Mwana amene akumvetsa amadziwa kuti kugwedezeka kumatanthauza kuti Kp yakula, ndiye amaika Kd pa ziro, kutsitsa Kp mpaka kugwedezeka kuchepe, kenaka n'kumakweza Kd pang'onopang'ono. Mwana amene anangokopera amasintha manambala mwachisawawa nthawi n'kutha.

Nkhani ya magetsi ndi imene imagwetsa ambiri. L298N imadya pafupifupi mavoti awiri isanapereke mphamvu ku mamota. Mabatire awiri a 18650 olumikizidwa motsatizana amapereka mavoti 8.4 akadzaza, ndiye mamota amalandira pafupifupi 6. Mabatire anayi a AA amapereka mavoti 6, mamota n'kulandira pafupifupi 4 okha. Ngati mwini vidiyo anagwiritsa ntchito TB6612FNG m'malo mwa L298N, bolodi imene imataya mphamvu yochepa kwambiri, nambala yomweyo ya liwiro mu pulogalamu, mwachitsanzo 150 pa 255, ipereka liwiro losiyana kotheratu. Ena amaona batire ya makona anayi ya mavoti 9 pachithunzi n'kuiika kuti iyendetse zonse. Batire imeneyi siitha kupereka mphamvu yokwanira mamota, choncho mamota akangoyamba magetsi amagwa ndipo Arduino imazima n'kuyambiranso. Ena amasiyanitsa bwino batire ya mamota ndi ya Arduino koma amaiwala kulumikiza mawaya a negativi (GND) a mbali ziwirizi, chifukwa wayayo anabisika pansi pa bolodi m'chithunzi, loboti n'kumachita zosadziwika.

Masensa a TCRT5000 amaona pounikira pansi ndi kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared n'kuyeza kumene kwabwerera. Amagwira bwino akakhala mamilimita ochepa kuchokera pansi, ndipo akapitirira pafupifupi 15 sasiyanitsanso chakuda ndi choyera. Pulogalamu yokopera imakhala ndi nambala yodulira, mwachitsanzo 500 pa muyeso wa 0 mpaka 1023, imene inali yoyenera m'chipinda cha mwini wake. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi infrared yambiri. Mu holo ya sukulu ya mawindo akuluakulu, dzuwa la mu Okutobala likalowa masana, manambala onse amasuntha. Tepi yakuda yonyezimira ndi fumbi la pansi zimasinthanso zimene sensa ikuwerenga. Mankhwala ake ndi osavuta kwa amene akumvetsa: kuyendetsa masensa pamwamba pa chakuda ndi choyera pabwalo lenilenilo kwa masekondi angapo, kusunga nambala yaikulu ndi yaing'ono ya sensa iliyonse, kudulira pakati, ndi kutchinga masensa ndi kakatoni kuti dzuwa lisawafike.

Mawilo nawonso. Wilo la mamilimita 65 limayenda pafupifupi mamilimita 204 likazungulira kamodzi. Kambale kowerengera ka mabowo 20, kamene kamazungulira pamodzi ndi wilo, kakawerenga 100, wilo lazungulira kasanu ndipo loboti yayenda mita imodzi ndi masentimita awiri. Mukaika mawilo a mamilimita 80 chifukwa ndi amene anapezeka m'tauni, nambala yomweyo ya 100 ikupititsani mita imodzi ndi masentimita 26. Loboti idzapitirira malo ake ndi masentimita 24, ndipo chilichonse chimene iyenera kuchita pambuyo pake chidzalakwika.

Pa mkono wonyamula katundu, masamu ake ndi a kuchulukitsa basi: kulemera kwa katundu m'makilogalamu kuchulukitsa ndi kutalika kwa mkono m'masentimita (kg·cm). Servo, kamota koyendetsa mkono, yaing'ono ya SG90 ili ndi mphamvu pafupifupi 1.8 kg·cm. Mkono wotalika masentimita 15 wonyamula magalamu 200 kunsonga umafuna 3 kg·cm, tisanawerengere kulemera kwa mkonowo. Mwini chithunzi mwina anaika MG996R ya magiya achitsulo, imene mphamvu yake imafika pafupifupi 10 kg·cm, komanso mkono wake unali wa pulasitiki yopepuka yosindikizidwa pa makina a 3D. Wokopera amadula mkono wa thabwa la plywood wa muyeso womwewo, kuika SG90, magiya apulasitiki n'kuthothoka mano tsiku loyamba. Akagula MG996R n'kuipatsa magetsi kuchokera pa pini ya 5V ya Arduino, vuto lija la kuzima limabweranso, chifukwa servo imeneyi ikalemedwa imakoka ma amp oposa awiri. Ndipo mabatire amene mwini wake anawaika kumbuyo, pansi pa loboti, kuti isagwe chamutu mkono ukatambasuka, pachithunzi saoneka.

Zonsezi zikutanthauza kuti timu imene yatenga kapangidwe ka ena n'kukwanitsa kukayendetsa bwino ndi zida zimene yapeza kuno, yagwira ntchito yeniyeni ya uinjiniya. Yawerengetsa, yayesa, yasintha. Timu yotereyi siyenera kuchita manyazi kunena kumene inayambira.

Milandu yovuta kugamula

Kujambula loboti ya ena ikuthamanga pabwalo, pamaso pa anthu onse, ndi chinthu chovomerezeka m'mipikisano yambiri. Kupita pa tebulo lawo iwo kulibe, kuitembenuza, kuiyeza ndi rula kapena kukopera pulogalamu pa laputopu yawo ndi kuba. Njira yabwino ndi kupempha. Mwana amene angati, "Anzathu, mkono wanuwu watisangalatsa, mungatifotokozere mmene ukugwirira ntchito?" kawirikawiri amauzidwa zambiri kuposa zimene akanaona mobisa. Akakana, ndi ufulu wawo.

Mwana akasamuka sukulu amapita ndi luso lake, ndipo palibe amene angamulande zimene zili m'mutu mwake. Mafayilo ndi mapulani a timu yakale amene sanatulutsidwe poyera ndi a timuyo.

Sukulu imodzi ikatumiza matimu atatu ndi mlangizi mmodzi, maloboti amakonda kufanana, ndipo apa pamafunika kusamala. Kuphunzitsa ana onse mmene PID imagwirira ntchito n'koyenera. Kuwapatsa pulani imodzi kuti apange maloboti atatu ofanana n'cholinga choti sukulu itenge malo onse atatu apamwamba ndi kupondereza masukulu ena. Loboti yosiyidwa ndi a Giredi 12 a chaka chatha ndi chuma cha kalabu, makamaka pamene zida zake ndi zodula ndipo zina zimachita kuitanitsidwa kunja. Ana atsopano aiphwasule, aiphunzire, agwiritse ntchito zida zake, n'kulemba kuti anayambira pamenepo. Kungoipukuta fumbi n'kuilembetsa ndi mayina atsopano ndi bodza.

Mlandu umene umatipweteka kwambiri ndi wa akuluakulu. Kholo kapena mphunzitsi amalipira katswiri wa zamagetsi kapena wophunzira wa ku yunivesite kuti apange loboti, ana n'kuloweza mawu oti akanene. Nthawi zina palibe ndalama imene yaperekedwa, ndi mlangizi wachikondi chabe amene waona kuti nthawi yatha, magetsi akhala akuzimazima sabata yonse, ndiye wakhala usiku kulemba yekha pulogalamu. Cholinga chikhoza kukhala chabwino, koma anawo aphunzira kuti chikho chimaposa choonadi, ndipo mwana wa sukulu ina amene analimbana ndi loboti yake yokhotakhota kwa miyezi iwiri walandidwa malo ake. Loboti yotereyi ikhoza kukhala yosafanana ndi ina iliyonse mu holo, palibe amene angaidandaulire, komabe ndi imene ili ndi mlandu waukulu. Malire a mlangizi ndi osavuta kuwakumbukira: afunse mafunso, aphunzitse pa chitsanzo china, agwire yekha ntchito zoopsa monga kudula ndi makina ngati malamulo akulola, koma manja ake asakhale pa kiyibodi kapena pa loboti ya mpikisano.

ChatGPT ndi zida zina zotero zalowanso m'nkhaniyi. Malamulo ake akusintha chaka ndi chaka, choncho aonedwe m'buku la mpikisanowo. Kumene zikuloledwa, ana alembe kuti anazigwiritsa ntchito ndipo athe kufotokoza mzere uliwonse umene zawalembera.

Tinenepo za kusiyana kwa masukulu. Sukulu yokhala ndi makina a 3D, intaneti ya tsiku lonse ndi mlangizi wolembedwa ntchito ikhoza kuyesa njira zisanu n'kusankha imodzi. Kalabu ya ku Chawama kapena ku Kanyama imene ili ndi bolodi imodzi, ndipo ikuyendera mabandulo a foni ya mphunzitsi, singakwanitse kuwotcha L298N kawiri. Kwa ana amenewa, mapulani otulutsidwa poyera ndiwo khomo lolowera. Lamulo loletsa kutengera kulikonse lingapweteke iwowa poyamba, pamene olemera amene ali ndi akatswiri owathandiza mwakachetechete angadutse osakhudzidwa. Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi, ndipo sitikufuna kuphunzitsa ana kuti kufunsa ndi kuphunzira kwa ena n'kulephera.

Mmene timu ingadzitetezere

Chida chachikulu ndi kope la ntchito. Likhale losokedwa, losathothoka masamba, lolembedwa ndi bolopeni, tsamba lililonse likhale ndi deti. Cholakwika chidulidwe ndi mzere umodzi kuti chizionekabe. Lilembedwe tsiku lomwelo ntchito yagwiridwa. Kope lolembedwa lonse usiku umodzi mpikisano uli mawa limadziwika, chifukwa inki ndi imodzi, dzanja ndi limodzi, ndipo mulibe chilichonse chimene chinalephereka.

Nzeru iliyonse yochokera kwina ilembedwe ndi kumene yachokera, tsiku limene mwaiona, chimene mwatenga ndi chimene mwasintha. Mwachitsanzo: "Mkono wa zitsulo zinayi tinauona pa vidiyo ya timu yakutiyakuti. Wawo ndi wa masentimita 20. Tinayesa 20, servo inakanika kunyamula magalamu 200. Tafupikitsa kufika pa 12 ndipo taika labala wothandiza kukoka. Pa maulendo khumi yanyamula kasanu ndi katatu." Mizere yochepa imeneyi ikuyankha mafunso onse amene woweruza angakhale nawo. Mu pulogalamu, mawu a mwini wake ndi laisensi asachotsedwe, ndipo pamwamba pa gawo lililonse lotengedwa kwina palembedwe kumene lachokera. Kusintha mayina a ma variable (mayina amene wolemba pulogalamu amapatsa manambala ake) kuti zioneke ngati zanu kumangowonjezera mlandu, chifukwa kumasonyeza kuti mumadziwa zimene mukubisa. Zithunzi za pa foni zojambulidwa sabata iliyonse, pamodzi ndi zida zimene zinathyoka, zisungidwe.

Musanatenge kapangidwe ka ena, ana ajambule njira zawo ziwiri kapena zitatu kaye, kenaka azifanizire ndi ya enayo pa kulemera, mtengo, nthawi yopangira ndi zida zimene zikupezeka. Akasankha ya enayo, adzakhala akudziwa chifukwa chake. Pakamwa ponse, pa positala ndi pamaso pa oweruza, mawu akhale omwewo: ichi tinatengera, ichi tinasintha, ichi ndi chathu.

Kwa oweruza ndi okonza mipikisano

Mafunso abwino amafunsa chifukwa. "Mwana wanga, n'chifukwa chiyani masensa ali asanu, atatu sakanakwana?" "Nambala iyi tikaichulukitsa kawiri, loboti ichita bwanji?" "Ndi chiyani chimene chinakuvutani kwambiri, ndipo munachikonza bwanji?" Mwana amene anapanga yekha amayankha funso lomalizali mwachangu ndi mwatsatanetsatane, chifukwa zimene zinamusowetsa tulo saziiwala. Kuyesa kwina kwachilungamo ndi kupempha kusintha kwakung'ono pomwepo, monga kuti loboti iime masekondi atatu ikafika pamphambano, mlangizi ali panja. World Robot Olympiad yakhala ikugwiritsa ntchito lamulo lodzidzimutsa lolengezedwa pa tsiku la mpikisano pa chifukwa chomwechi.

Mafunso apite kwa ana onse, chifukwa matimu ena amaika patsogolo mwana mmodzi wodziwa kulankhula. Koma woweruza asasokoneze manyazi ndi kusadziwa. Ana ambiri analeredwa kuti asayang'ane wamkulu m'maso kapena kumuyankha motalika, ndipo ena amadziwa bwino loboti yawo koma Chingerezi chimawakola. Mwana aloledwe kufotokoza m'Chinyanja, m'Chibemba kapena m'chilankhulo chimene ali womasuka nacho, kapena kungoonetsa ndi manja pa lobotiyo.

Dandaulo likabwera, lisakambidwe pagulu. Oweruza awiri kapena atatu akumane ndi timu iliyonse payokha, aone makope ndi madeti a mafayilo, afunse mafunso omwewo mbali zonse. Chilango chilingane ndi mlandu. Kuiwala kutchula kumene library (gawo la pulogalamu lolembedwa kale ndi ena) yachokera kumafuna chenjezo ndi kukonza. Kunama dala pamaso pa oweruza kukhoza kuchotsetsa timu pa mphoto za kapangidwe. Loboti yogula kapena yopangidwa ndi wamkulu siyenera kupikisana, ndipo amene ayenera kuitanidwa kudzayankha ndi wamkuluyo, ana asachititsidwe manyazi pa zimene anangouzidwa kuchita.

Mikangano yambiri ingathe ngati okonza mpikisano atalemba zinthu izi m'buku la malamulo miyezi isanakwane: ngati mapulani a pa intaneti akuloledwa, ngati loboti ya chaka chatha ikuloledwa, malire a mlangizi, ndi fomu ya tsamba limodzi imene timu iliyonse ilembepo zimene yatengera kwina n'kuipereka polembetsa. Mphoto zisiyanitsidwenso. Chikho cha pabwalo chipite kwa loboti imene yagwira ntchito bwino, ngakhale inayambira pa pulani ya ena, bola ana anaipanga okha ndipo ananena. Mphoto ya nzeru zatsopano ipite kwa amene kope lawo likuonetsa kuti ganizolo linabadwira mu timu yawo. Ndipo matimu opambana apemphedwe kutulutsa mapulani ndi mapulogalamu awo poyera mpikisano ukatha, ndi laisensi yolembedwa bwino, kuti chaka chamawa sukulu iliyonse iyambire pamalo amodzi.